Maloboti anzeru aziyamba aganizira basi

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani yogwiritsa ntchito zipangizo zamakono pochepetsa kuthithikana kwa magalimoto m'mizinda. Ndikugwirizana nazo ndithu, koma pali pena pomwe pakundidetsa nkhawa.

Loboti yachikale imangotsatira nthawi yomwe anaitchera. Imalola msewu womwe kulibe galimoto ndi imodzi yomwe, uku mbali inayo mzere wafika kutali, injini zikulira, mafuta akungopsa. Maloboti anzeru satero. Pansi pa phula amakwirira mawaya omwe amamva galimoto ikadutsa kapena ikaima, pena amaika makamera, ndipo kompyuta imawonjezera masekondi kumbali komwe mzere watalika. Si zachilendo ayi: ku Sydney, m'dziko la Australia, anayamba ndi njira yotchedwa SCATS m'zaka za m'ma 1970, mizinda yambiri n'kutengera.

Koma msewu ukayamba kuyenda bwino, uja ankasiya galimoto pakhomo amaitulutsa. Ku Houston, m'dziko la America, anakuza kwambiri msewu wa Katy Freeway, ntchito n'kutha mu 2008, koma pasanapite zaka zambiri kuthithikana kunabwerera. Mpata womwe kompyuta ingatipezere nawonso ungadzadze chimodzimodzi.

N'chifukwa chake ndimayamikira zomwe anachita ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu 2006. Anaika makamera owerenga manambala a magalimoto, aliyense wolowa pakati pa mzinda nthawi yotanganidwa azilipira, ndipo magalimoto odutsa pamenepo anachepa ndi pafupifupi 20 peresenti. Chomwe ambiri satchula n'chakuti asanayambe kulipiritsa anali atawonjezera kale mabasi. Munthu sungamuuze kuti asiye galimoto usanamupatse chokwera china.

Tsono makhonsolo akamagula zipangizozi, funso loyamba likhale lakuti: kodi basi ipindula bwanji? Basi yodzadza anthu isamadikire mofanana ndi galimoto yomwe muli dalaivala yekha. Luso lilipo kale. Basi ikamayandikira mphambano, GPS, yomwe imasonyeza pomwe basiyo ili, imadziwitsa loboti, loboti n'kudikira masekondi angapo kuti idutse. Wokwera nayenso aziona pa foni kuti basi yake ifika nthawi yanji, osati kungoima pasiteji osadziwa chilichonse.

China, asagule popanda kupatula ndalama zokonzetsera. Okumba ngalande akadula waya uja pansi pa phula, loboti yanzeru imabwerera ku nthawi yotcheredwa ija, ndipo pafunika amisiri odziwa kuikonza sabata yomweyo.

Ine wowerenga wanu wokhulupirika