Mtunda ndi umodzi, koma maola amasiyana

Akonzi,

Ambiri amaganiza kuti ndege ikatenga nthawi yaitali ndiye kuti yadzera njira yozungulira. Si nthawi zonse ayi. Pakati pa London ndi New York pali makilomita pafupifupi 5,500. Popita ku New York ndege imatha maola pafupifupi 8, koma pobwerera 7 okha. Chimachititsa ndi chimphepo cha m'mwambamwamba chomwe chimaomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa: popita ndege imalimbana nacho, pobwerera chimaikankha kuti ithamange.

Tikiti nayonso imapusitsa. Mwana wa mchemwali wanga ataona kuti anyamuka 10 koloko m'mawa n'kukafika 1 koloko masana, anati, "Amalume, maola atatu basi!" Iye osadziwa kuti wotchi ya ku New York imatsalira ndi maola 5 poyerekeza ndi ya ku London.

Ine wowerenga wanu