Lipoti la Msonkhano: Opaleshoni kwa Amayi Osabereka Amene Mazira Awo Achepa

Anzanga anamwino ndi azamba a m'boma la Ntcheu, munandituma ku Lilongwe ku msonkhano wa masiku awiri wokambirana za kusabereka. Ndifotokoza makamaka za tsiku lachiwiri, pakuti zimene zinakambidwa tsikulo ndi zimene zikukhudza ntchito yathu.

Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, pamene akutha msinkhu amakhala atatsala ndi pafupifupi 300,000, ndipo akapitirira zaka 35 mazirawo amatha mofulumira. Otsalawo amawadziwa poyeza m'magazi homoni yotchedwa AMH kapena powerenga timatumba ta mazira pa sikani. Madokotala onse amene anayankhula anagwirizana kuti mpeni suwonjezera mazira, koma ukhoza kuwononga ochepa amene mayi watsala nawo.

Anationetsa kanema wa opaleshoni ya laparoscopy (yolowetsa kamera ndi zipangizo pa timabowo ting'onoting'ono pamimba), yochotsa pa thumba la mazira chotupa cha endometriosis, matenda amene nyama yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwa chiberekerocho. Dokotalayo ankasenda khungu la chotupacho pang'onopang'ono ngati mmene timasendera mbatata ya kachewere yophika, komabe nyama yabwino inkamatirira n'kuchoka nayo limodzi. Kuwotcha ndi magetsi pofuna kuletsa magazi kumawononganso mazira, makamaka ngati zotupazo zili mbali zonse ziwiri. Apa ndinakumbukira mayi wina wa zaka 38 wochokera cha ku Tsangano, amene anandiumiriza kuti ndimulembere kalata yoti "akamutsuke m'mimba" chifukwa apongozi ake anali atayamba kale kunena zoti mwana wawo akwatire wina. Ndinamulembera osafunsa n'komwe ngati bambo a kunyumba kwake anayezetsapo umuna, ndipo lero ndikuona kuti ndinalakwa.

Za njira zatsopano sindichedwapo. Ku Belgium mu 2004 kunabadwa mwana mayi ake atabwezeredwa kachidutswa ka thumba la mazira kamene kanasungidwa mozizira, ndipo ku Japan, Kazuhiro Kawamura analengeza mu 2013 za mwana wobadwa pambuyo podula thumba la mazira m'tizidutswa kuti mazira ogona adzuke. Njira yachiwiriyi, pamodzi ndi yobaya PRP (madzi otengedwa m'magazi a mayi mwiniwakeyo) m'thumba la mazira, ikadali yoyesera, choncho tisamaiuze odwala ngati chithandizo chotsimikizika.

Opaleshoni imathandizadi pamene vuto lili panjira: kuchotsa chubu (njira imene dzira limadutsa popita m'chiberekero) chodzaza madzi mayi asanayambe IVF, njira yokumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi, kapena chotupa chimene chamera m'kati mwa chiberekero. Kuno kwathu machubu ambiri amatsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana osachizidwa bwino komanso matenda obwera pambuyo popita padera, zimene ife tikhoza kuziletsa pa sikelo pomwe.

Ndikupempha kuti pa mkumano wathu wotsatira tigwirizane kuti banja limene lakhala chaka osatenga pakati tizilitumiza onse awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo ngati mayiyo wapitirira zaka 35 tisadikire kuposa miyezi 6.