Ndinachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, tsopano ndikunenepanso mobisa

Aphungu okondedwa,

Ndikulemba kalatayi nthawi itapitirira 1 koloko usiku, anthu onse m'nyumba muno atagona, chifukwa masana ndimatha kudzinamiza kuti zinthu zili bwino, koma kukada bodzalo limandikanika. Ndaiyamba katatu n'kuifufuta, choncho mundikhululukire ngati nkhani yake izipita uku ndi uku.

Loweruka lapitali kunabwera abale a amuna anga kudzationa. Pamene ndinkachotsa mbale patebulo, alamu anga, omwe ndi achemwali aakulu a amuna angawo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anati: "Alamu, madiresi anu aja ndikadali nawo, sindinawachepetse. Mukawafuna mudzangonena." Anthu anaseka. Amuna anga nawonso anaseka, ngakhale iwo akukana, akuti anangomwetulira chifukwa chosowa chonena. Ine ndinali pomwepo ndipo ndinawamva ndi makutu anga.

Ndiyenera kulongosola za madiresiwo, chifukwa alamu amakamba ngati ndinakawatayira zinyalala pakhomo. Anachita kundipempha okha, kawiri konse, ponena kuti ali ndi makina osokera ndipo adzawachepetsa kuti azivala iwo. Ndinawapatsa madiresi 8. Lina labuluu ndinaliika padera pampando, chifukwa ndi limene ndinavala tsiku limene mwana wanga woyamba anamaliza sukulu, ndipo sindinafune kulipereka kwa munthu aliyense. Iwo analinyamula pamodzi ndi enawo, ndipo nditawafunsa pafoni anati analiona ngati lili m'gulu lomwelo. Papita zaka ziwiri ndipo palibe ngakhale limodzi limene analigwira ndi singano. Mwina ndikuwaganizira zoipa, koma kodi munthu amasungiranji zovala zosamukwana kwa zaka ziwiri, ngati sakudikira tsiku ngati Loweruka lija?

Ndine mayi wa zaka 44 ndipo ndili ndi ana awiri. Kumayambiriro kwa 2022 ndinachitidwa opaleshoni imene madokotala amaitcha gastric bypass. Pa nthawiyo ndinkalemera makilogalamu 136, ndinali ndi matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, mawondo ankandiwawa ndikangokwera masitepe ochepa, ndipo usiku ndinkagona nditavala chipangizo chothandiza kupuma chotchedwa CPAP chifukwa ndinkabanika m'tulo. Pa opaleshoniyi dokotala amapatula kachigawo kakang'ono kumtunda kwa chifu, kofanana ndi dzira kukula kwake, n'kukalumikiza ndi matumbo aang'ono, kotero kuti chakudya chimalambalala mbali yaikulu ya chifu ndi poyambira pa matumbowo. Munthu amakhuta msanga, komanso thupi silitenganso zofunika zonse za m'chakudya monga linkachitira kale.

Ndikufotokoza zimenezi chifukwa alamu anga omwewo amauza anthu kuti ndinadzera njira yachidule. Njira yachidule yake ndi iti? Milungu iwiri yoyambirira ndinkangomwa zamadzimadzi, kenaka ndinalowa pa zakudya zopera ngati za mwana wakhanda. Ndikameza kanyama kosatafuna bwino kankandikhala pachifuwa mpaka ndisanze. Pofika mwezi wachinayi tsitsi linayamba kuthothoka, ndipo ndinkalitola m'bafa n'kulikulunga m'pepala kuti ana asalione. Tsiku lina ndinadya kachidutswa ka keke, ndipo pasanathe mphindi 20 ndinali thukuta lokhalokha, mtima ukugunda ngati utuluka, chizungulire chitandigwira, kenaka ndinatsegula m'mimba. Kuchipatala amati imeneyo ndi dumping syndrome, imene imabwera shuga akalowa m'matumbo mwachangu. Alamu sanaonepo chilichonse mwa zimenezi.

Ndipo sanayenere n'komwe kudziwa za opaleshoniyo. Ndinawapempha amuna anga kuti nkhaniyi ikhale ya ife awiri, iwo anavomera, koma tsiku lomwelo ndili m'chipinda cha opaleshoni anawaimbira foni achemwali awo. Akuti anali ndi mantha ndipo ankafuna munthu wolankhula naye. Ndimamvetsa, ndipo ndinawakhululukira, kapena ndinene kuti ndinawauza kuti ndawakhululukira. Koma kuyambira pamenepo mbale yanga inasanduka ya banja lonse. Ndikadya pang'ono amati ndikudzizunza, ndikaonjezera amayang'anana.

Chaka choyamba ndinali womvera kwambiri, ndipo izi ndikunena mosadzitama. Ndinali ndi kabuku kolembamo chilichonse chimene ndadya. Ndinkayamba ndi zakudya za mapuloteni monga mazira, nsomba ndi nkhuku, kuti ndikwanitse magalamu 60 mpaka 80 patsiku monga anandiuzira katswiri wa kadyedwe. Madzi ndinkamwa mwapang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo sindinkamwa kalikonse pa nthawi ya chakudya kufikira patadutsa mphindi 30. Zakumwa za gasi ndinazisiyiratu. Mavitamini ndinkamwa tsiku lililonse, ayironi pa nthawi yake ndi kashiamu pa nthawi yake chifukwa anati zikamwedwa pamodzi zimasokonezana, ndipo jakisoni wa vitamini B12 ndinkakabaya miyezi itatu iliyonse. Ndinkayenda mphindi 40 m'mawa uliwonse. Patatha miyezi 16 sikelo inasonyeza 82. Mankhwala a shuga dokotala anandisiyitsa, chipangizo chogonera chija ndinachiika m'kabati, ndipo ndinayamba kumanga ndekha zingwe za nsapato popanda kupuma kaye. Anthu amene sananenepepo sangamvetse kuti ndinalira chifukwa cha zingwe za nsapato.

Dzulo ndinakwera sikelo ndipo inasonyeza 97. Ndabwezera makilogalamu 15 m'chaka chimodzi ndi theka, ndipo amuna anga akudziwa za 6 okha chifukwa ndi amene ndinawauza.

Sindingaloze tsiku limene zinthu zinayamba kusokonekera. Njala, imene chaka choyamba inali itandiiwala, inayamba kubwerera. Ntchito inachuluka ndipo kuyenda kwa m'mawa kuja ndinayamba kukudumpha. Kenaka ndinatulukira chinthu chimene ndimalakalaka ndikadapanda kuchidziwa, chakuti nyama ndi mazira zimandikhutitsa ndikangodya pang'ono, koma mabisiketi, chokoleti ndi ayisikilimu zimasungunuka n'kudutsa popanda vuto. Ndinaphunziranso kuti shuga ndikamudya pang'onopang'ono, kachidutswa tsopano, kena pakatha ola, thukuta ndi chizungulire zija sizibwera. Choncho patebulo ndimadya kambale kakang'ono, aliyense n'kumandiona ngati wodziletsa, koma kuyambira m'mawa mpaka madzulo kukamwa kwanga sikukhala chete. M'chikwama changa, m'dilowa ya kuntchito ndi m'galimoto muli mapepala a maswiti amene ndimakataya kutali ndi nyumba.

Amuna anga nawo sakundithandiza. Nditachepa thupi anayamba kundifunsa kumene ndikupita ndi chifukwa chimene ndavalira mwakuti, zimene sankafunsa ndili wonenepa. Lachisanu lililonse amabwera ndi chokoleti, n'kunena kuti: "Mayi, musamadzivutitse, ine ndinakukondani muli ndi thupi lanu lija." Mawuwo amamveka achikondi, koma nthawi zina ndimaganiza kuti akufuna mkazi wawo wakale uja, amene sankatuluka m'nyumba. Ndawapempha kangapo kuti asamabweretse zotsekemera, ndipo amandiyankha kuti nyumbayi si chipatala ndipo ana sanalakwe kanthu. Komabe ndikhale wachilungamo, iwo sanandiikepo chokoleti m'kamwa, ndipo chambiri chimene ndimadya ndimagula ndekha. Ndi iwonso amene anandisambitsa sabata yoyamba nditatuluka m'chipatala, osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Munthu yemweyo ndi amene anaseka Loweruka, ndipo ndikulephera kuziika pamodzi zinthu ziwirizi.

Pali nkhani ina imene ndakhala ndikuizungulira kuyambira pamwamba pa kalatayi. Ndisanachitidwe opaleshoni sindinali munthu wa mowa, ndinkangolawa pa zikondwerero. Kuchipatala anandichenjeza kuti pambuyo pa gastric bypass mowa umalowa m'magazi mwachangu kwambiri, ndiponso kuti anthu ena amayamba kuudalira ngakhale kuti kale sunkawavuta. Ndinaseka, n'kunena kuti zimenezo si za ine. Tsopano ana akagona ndimamwa vinyo. Tambula imodzi imandifika m'mutu pa mphindi zochepa, ndipo kwa kanthawi ndimamva mtendere umene kale ndinkaupeza m'chakudya, koma umatha msanga ndipo ndimathiranso. Kuchuluka kwake sindikulemberani. Ndingoti si tsiku lililonse, ngakhale kuti masiku amene sindimwa ndi ochepa kuposa amene ndimamwa. Ndikamwa ndi pamene ndimatsegulanso firiji, ndipo m'mawa ndimadzuka mutu ukupweteka, n'kumwa ibuprofen, mankhwala amene anandiletsa chifukwa angathe kuyambitsa zilonda pamene analumikiza paja. Kwa milungu itatu tsopano ndikumva kutentha kumtunda kwa mimba, ndipo palibe amene ndamuuza.

Kuchipatala sindinapiteko kwa miyezi 11. Ndinadumpha tsiku loyamba poganiza kuti ndiyambe ndachotsa makilogalamu atatu kuti ndikaoneke bwino, ndipo lachiwiri ndinalidumpha chifukwa atatu aja anali atasanduka 8. Namwino wina anandiyankhulapo mosasamala ulendo womaliza, anayang'ana sikelo n'kunena kuti "tayambatu kukwera" anthu ena akumva, ndipo ndakhala ndikudziuza kuti ndi chifukwa chake sindibwererako. Zoona zake n'zakuti ndikuopa nkhope ya dokotala amene ankandinyadira. Jakisoni wa B12 ndaphonya katatu, magazi sindinayezetse, ndipo mavitamini ndimamwa ndikakumbukira. Masiku ano ndimatopa ngakhale ndisanagwire ntchito, ndipo zala za kumapazi zimachita dzanzi usiku. Ndinawerenga kuti kusowa kwa B12 kungathe kuononga mitsempha mpaka kalekale, ndipo chiwerengereni zimenezo tulo sindikutipeza.

Tisanakonze tsiku la opaleshoni ananditumiza kwa katswiri wa maganizo, amene anandifunsa ngati ndimadya ndikakhumudwa ndiponso ngati pali zina za m'mbuyo zimene zimandivutitsa. Ndinamuyankha kuti ayi, chifukwa ndinkaopa kuti ndikanena zoona andikaniza opaleshoni. Zilipo zimene zinandichitikira ndili mtsikana, zimene sindilemba pano ndipo amuna anga sakuzidziwa, ndipo kuyambira nthawi imeneyo chakudya ndi chimene chinkanditonthoza. Dokotala anachepetsa chifu changa monga tinagwirizanirana, koma chimene chinkandidyetsa usiku sanachione, popeza ndinamubisira ndekha. Ndinkaganizanso kuti ndikachepa ndidzalikonda thupi langa. Mmalo mwake ndinatsala ndi khungu lolendewera pamimba, m'mikono ndi m'ntchafu, limene limatupa ndi kuyabwa nyengo yotentha, ndipo mpaka lero ndimavula magetsi atazima.

Aphungu, sindikudziwa kuti funso langa lenileni ndi liti, choncho ndifunsa onse. Kodi ndibwerere bwanji kuchipatala patatha miyezi 11, ndipo ndikanene zonse, kuphatikizapo za vinyo ndi ibuprofen, kapena ndiyambe ndi za kutentha kwa m'mimba ndi dzanzi zokha? Ndikaulula za mowa, kodi sadzandilemba m'fayilo ngati munthu amene anawononga opaleshoni yake, n'kundikaniza thandizo lina? Kodi kachifu kaja ndinakatanula ndi kadyedwe kangaka, ndipo ngati kanatanuka, pali njira yobwerera popanda opaleshoni yachiwiri? Ndamva za majakisoni a semaglutide amene anthu akubaya kuti achepetse thupi, ndipo ndakhala ndikuganiza zowapeza mwakachetechete popanda kuonana ndi dokotala wanga, ngakhale ndikudziwa kuti kumeneko n'kubisanso komwe kwandifikitsa pano. Nanga kabuku kaja, kuyenda kwa m'mawa ndi mapuloteni, munthu amaziyambanso bwanji pamene chimwemwe choona sikelo ikutsika sabata iliyonse chinatha?

Za amuna anga ndiye zikundivuta koposa. Ndikufuna kuwauza za 97, za mabotolo ndi za mapepala a maswiti, chifukwa ndatopa kukhala mlendo m'nyumba mwanga. Koma chinsinsi chimodzi chimene ndinawasungitsa sichinathe ngakhale tsiku limodzi. Ndikawauza Lachiwiri, pofika Loweruka alamu adzakhala atamva, ndipo ulendo uno sadzaseka za madiresi okha. Kodi ndiwauze ndi kuwaikira malire, kapena ndiyambe ndapeza thandizo ndekha n'kudzawauza pambuyo pake? Ndipo kodi ndikulakwa kuwakwiyira chifukwa cha kuseka kuja, pamene ineyo ndakhala ndikuwanamiza kwa chaka chathunthu? Nthawi zina ndimaona kuti ndilibe ufulu wokwiya, koma ndikakumbukira phokoso la kuseka kwawo, ine nditanyamula mbale m'manja, mtima umandiwawa ngati zachitika lero.

Chomaliza mwina muchiona ngati chachibwana. Kodi ndiwaimbire alamu kuti andibwezere diresi labuluu lija? Ndi langa ndipo sindinawapatse. Koma ndikawaimbira adzaganiza kuti mawu awo aja akwaniritsidwa, ndipo ineyo sindikudziwa ngati ndikulifuna chifukwa cha tsiku la mwana wanga, kapena chifukwa ndayamba kuopa kuti lidzandikwananso.

Ine wanu,
Mayi wosowa tulo