Mgwirizano wa m'chikwama sukhalitsa, tikonzenso kasankhidwe ka aphungu

A Mkonzi,

Tiloleni ife owerenga anu a kuno ku Harare tiikepo mlomo pa nkhani ya maboma a mgwirizano ndi kasankhidwe ka aphungu kwathu ku Malawi. Lamulo la 50+1 linangokonza mbali imodzi. Chigamulireni khoti pa 3 Febuluwale 2020, wofuna upulezidenti akukakamizika kusaka anzake ogwirana nawo manja, koma palibe lamulo lonena kuti panganolo lilembedwe bwanji, lisungidwe kuti, ndipo woliswa aone zotani. Aphungu tikuwasankhabe mwakale: woposa anzake ngakhale ndi voti imodzi watenga dera, mavoti a ena onse athera pomwepo.

Za kuno zili ndi phunziro. Chisankho cha 2008 chinasiya Nyumba ya Malamulo yopanda mwini. Pa mipando 210, MDC ya a Morgan Tsvangirai inali ndi 100, ZANU-PF ya a Robert Mugabe 99, MDC ya a Arthur Mutambara 10, wina umodzi unapita kwa woyima payekha. Atsogoleri atatuwa anasainirana pangano logawana boma pa 15 Sepitembala 2008, mkhalapakati ali a Thabo Mbeki, koma boma linayamba mu Febuluwale 2009. Miyezi isanu inathera pa kulimbirana maunduna, chifukwa panganolo linangotchula chiwerengero, 15 a ZANU-PF, 13 a mbali ya a Tsvangirai ndi 3 a mbali ya a Mutambara, osanena kuti unduna uti upita kwa yani. Unduna woyang'anira apolisi unathera pokhala ndi nduna ziwiri, ina ya uku ina ya uku, pomwe tonse tikudziwa kuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Zachitetezo, zamalamulo ndi zofalitsa nkhani zinakhalabe m'manja mwa ZANU-PF. Mkangano wa mipando ya a Gideon Gono ku banki yaikulu ndi a Johannes Tomana ngati loya wamkulu wa boma sunathe, a Roy Bennett sanalumbiritsidwe konse pa udindo wa wachiwiri kwa nduna womwe chipani chawo chinawasankhira, ndipo mu Okutobala 2009 mbali ya a Tsvangirai inayamba yasiya kupita ku misonkhano ya nduna. Komiti yolondoloza panganolo, JOMIC, inkangolandira madandaulo, mphamvu yokakamiza wina inalibe.

Sitikunena kuti boma limenelo silinapindule kanthu. Malamulo aakulu a 2013 anabadwira momwemo, ndipo gawo 43 ndi lomwe linabwezera unzika kwa ana a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique obadwira kuno, aja zitupa zawo zinkawatchula kuti ndi obwera. Ku Mbare, Highfield ndi Mufakose nkhani imeneyi sitiiona mopepuka. Koma onani: pangano la kuno linali poyera, linachita kulowetsedwa m'malamulo aakulu a dziko kudzera mu kusintha kwa nambala 19, komabe linavuta chotere. Nanga la m'chikwama?

Tonse Alliance inapambana pa 23 Juni 2020 ndi zipani zisanu ndi zinayi, ovota osaonapo pepala lomwe atsogoleri anasainirana. Mu Julayi 2022 malemu a Saulos Chilima anauza dziko kuti panganolo linkati iwo ndiwo adzaime mu 2025, a MCP sanavomereze, ndipo panalibe ofesi yoti munthu n'kukatsegula fayilo kuti aone wonena zoona. Izi sizachilendo. A Chakufwa Chihana analowa m'boma la a Bakili Muluzi ngati wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti chitatha chisankho cha 1994, pofika 1996 anali atatuluka. Gwero lake n'lakuti kwathu pulezidenti akangolumbira sadaliranso mnzake uja. Aphungu sangamugwetse pongonena kuti alibenso naye chikhulupiriro, monga zimakhalira ku Lesotho. Wachiwiri wake sangamuchotse mwachisawawa, koma akhoza kumulanda ntchito zonse n'kumusiya akuwerenga nyuzipepala mu ofesi. Zinawaonekera a Cassim Chilumpha, mayi Joyce Banda ndi a Chilima.

Mankhwala a mbali iyi ndi apafupi. Lamulo la zipani la 2018 liwonjezedwe ndime yoti pangano lililonse la mgwirizano liperekedwe kwa mlembi wa zipani ndi kusindikizidwa m'nyuzipepala anthu asanavote. Ku Kenya kupereka panganoli kwa mlembi wa zipani ndi lamulo kale. M'pepalamo mutchulidwe maunduna ndi mayina ake, osati chiwerengero chabe, mutchulidwenso mipando yomwe pulezidenti sangasankhepo munthu popanda siginecha ya mnzake, amene adzaweruze pakabuka kusamvana ndi masiku omwe ali nawo, komanso njira yotulukira.

Koma zimenezi sizigwira ngati Nyumba ya Malamulo ikhala momwe ilili. Mu 2019, pa mipando 193, DPP inapeza 62, MCP 55, oyima paokha 55, UDF 10, PP 5, UTM 4, AFORD umodzi. UTM ija mtsogoleri wake anapeza voti imodzi pa mavoti asanu aliwonse a upulezidenti, koma aphungu anayi okha. Pulezidenti aliyense wodziwa masamu amaona kuti bajeti idutsa msanga akanyengerera oyima paokha mmodzimmodzi, wina ndi unduna wina ndi msewu wa kwawo, kusiyana ndi kusunga pangano ndi chipani cha aphungu anayi. Gawo 65 loletsa kusintha chipani lilipo, khoti lalikulu linalitsimikiza mu 2007, koma limadikira Sipikala, ndipo tikukumbukira momwe bajeti inkachedwera zaka za 2007 ndi 2008 chifukwa cha gawo lomweli. Kasankhidwe kameneka kamakulitsanso zachigawo. Mu 1994 AFORD inasesa mipando yonse 33 ya kumpoto, ngati kuti kumeneko kunalibe wovotera chipani china.

Ena amati titengere za ku Zimbabwe. Tisapupulume. Kuno aphungu 210 amasankhidwa m'madera, kenaka pali mipando 60 ya amayi, isanu ndi umodzi m'chigawo chilichonse mwa zigawo khumi, ndi ina 10 ya achinyamata yomwe inayamba mu 2023. Wovota pa sukulu ya ku Mbare amalandira mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Pepala la mipando ya amayi palibe. Mavoti a ofuna uphungu a chipani chilichonse m'chigawomo amaphatikizidwa, mipando ija n'kugawidwa potengera chiwerengerocho. Amayi achuluka m'Nyumba, zimenezo n'zoona, koma kugawaku sikuyang'ana kuti chipani chatenga kale madera angati, ndiye wokhuta ndi amene amawonjezeredwanso.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti zimveke. Chigawo chili ndi mipando 10, ya madera 6 ndi yowonjezera 4. Mavoti ndi 100,000: chipani A 46,000, B 34,000, C 20,000. A yapambana madera asanu, B limodzi, C palibe. Mukagawa mipando inayi ija payokha, mpando uliwonse ukufuna mavoti 25,000. A ndi B zitenga umodziumodzi, iwiri yotsala ipita kwa omwe atsala ndi mavoti ambiri, A ndi 21,000 ndi C ndi 20,000. Mapeto ake A 7, B 2, C umodzi. Chipani chosafika theka la mavoti chatenga mipando 7 pa 10. Njira inayo, yomwe akugwiritsa ntchito ku Lesotho ndi New Zealand, imayamba yawerenga gawo la chipani pa mipando yonse khumi: A ikuyenera 5, B 3, C 2. A ili nayo kale isanu ndiye siwonjezeredwa, B ipatsidwa iwiri, C iwiri. Phungu wa dera, uja timamudziwa pa maliro ndi pa mjigo, alipobe, koma Nyumba yafanana ndi momwe anthu avotera. Ife tili mbali ya njira yachiwiriyi.

Nayonso ili ndi misampha yake, ndipo a ku Lesotho anagweramo kale. Anaiyamba mu 2002, madera 80 ndi mipando yowonjezera 40, pambuyo pa zipolowe za 1998 pomwe chipani cholamula cha LCD chinatenga mipando 79 pa 80. Mu 2007 zipani zikuluzikulu zinatulukira chinyengo: LCD inaima m'madera mokha n'kuuza anthu ake kuti pepala lachiwiri avotere kachipani ka NIP, komwe pa mndandanda wake wa ofuna mipando yowonjezera panali anthu a LCD omwewo. Masamu olinganiza aja anafera pomwepo. Anatseka mpatawo pobwerera ku pepala limodzi. Kwathu pepala limodzi lingapweteke, chifukwa aliyense wovotera woyima payekha sangakhale ndi mawu pa mipando yowonjezera, ndipo oterewa ndi ochuluka zedi. Bwino mapepala awiri, koma lamulo linene kuti chipani chopanda oimira m'madera osachepera theka chisakhale ndi mndandanda, ndipo zipani zomwe zili pa mgwirizano ziwerengedwe ngati chimodzi pogawa mipando.

Pakhalenso malire apansi, monga mavoti 5 pa 100 aliwonse, momwe zilili ku Germany ndi New Zealand. Popanda malire, kachipani kakang'ono kamasanduka kogawa ufumu. Mu 2023 mzinda wa Johannesburg unakhala ndi meya wa chipani cha Al Jama-ah, chomwe chinali ndi makhansala atatu pa 270. Mindandanda isakhale ya boma lililonse palokha, poti Likoma singagawidwe mipando yokwanira kulinganiza chilichonse. Maboma angapo aphatikizidwe, mayina asanjidwe mayi, bambo, mayi, bambo, monga zimakhalira pa mipando 60 ya Senate kuno, ndipo amatidwe pa malo ovotera kuti wovota awaone.

Chomwe tikuchenjeza kwambiri ndi mphamvu ya mlembi wamkulu wa chipani. Gawo 129(1)(k) la malamulo a kuno limati chipani chikalembera Sipikala kuti phungu salinso membala wake, mpando watha. Mu Okutobala 2023 kalata ya a Sengezo Tshabangu, omwe ankadzitchula mlembi wogwirizira wa chipani chotsutsa cha CCC, inachotsa aphungu 15 patangopita milungu yochepa anthu atavota. Makalata ena anatsatira, zisankho zapadera zinachitika mu Disembala 2023 ndi Febuluwale 2024, ndipo ZANU-PF inafika pa aphungu awiri mwa atatu aliwonse, chiwerengero chomwe sinachipeze pa chisankho chachikulu. Kwathu phungu wa pa mndandanda akachoka yekha m'chipani, mpando upite kwa wotsatira pa mndandandawo m'masiku owerengeka, popanda kudikira Sipikala. Koma akachita kuchotsedwa, khoti liyambe laona ngati chipanicho chatsata malamulo ake.

Za ndalama tisazembe. Aphungu 229 ndi ambiri kale, ndiye mipando yowonjezera ichokere mwa yomweyi, tinene madera 160 ndi yowonjezera 69. Apa ndi pomwe pali phiri, chifukwa kusintha malamulo aakulu kumafuna aphungu awiri mwa atatu aliwonse, ndipo palibe phungu amene angavotere kuti dera lake lithe. Mu 2017 bungwe lounika malamulo linapempha 50+1 ndi mipando 28 ya amayi, umodzi pa boma lililonse, koma zonsezi zinakanika. Ndiye lamulolo lidutse msanga koma lilembedwe kuti lidzayamba kugwira ntchito pomwe MEC idzadulenso malire a madera, kuti ovotawo asaone ngati akudzichotsa okha ntchito mawa lino.

Ndife owerenga anu,
a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose,
Harare