Lipoti la msonkhano wokambirana za bajeti ndi ndale za zipani ku America

A wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la Amalawi okhala kuno ku America, munandituma kukakuimirani ku msonkhano wa mabungwe a anthu ochokera ku Africa womwe unachitikira ku Washington, ndipo ndikupereka zomwe tinakambirana kumeneko.

Nkhani yomwe inatenga nthawi yaitali ndi ya bajeti. Chaka cha zachuma cha boma la America chimayamba pa 1 Okutobala, ndipo tsikuli lisanakwane Nyumba ya Malamulo imayenera kuvomereza mabilu 12 ogawa ndalama ku nthambi za boma. Vuto lili ku Seneti, limodzi mwa magawo awiri a Nyumba ya Malamuloyi, komwe kuli maseneta 100 koma bilu yotere imafuna mavoti 60 kuti ipitirire, kotero kuti chipani cholamula chimakakamizika kupempha mavoti kwa otsutsa. Akalephera kumvana, maofesi ambiri amatsekedwa ndipo ogwira ntchito m'boma amakhala osalipidwa. Zoterezi zinachitika kwa masiku 16 mu 2013 pa mkangano wa lamulo la zaumoyo la Barack Obama, kwa masiku 35 kuyambira mu Disembala 2018 pomwe Donald Trump amafuna ndalama zomangira mpanda m'malire ndi Mexico, komanso kwa masiku 43 mu 2025.

Ambirife timati anthuwa amangokonda makani, koma nditamvetsera bwino ndinaona kuti gwero la zonsezi ndi zisankho za chipulula. Phungu wa dera lomwe chipani chake chili ndi mphamvu saopa wa chipani china ayi, amaopa mnzake wa m'chipani momwemo yemwe angamunene kuti wagonja kwa otsutsa. Ted Cruz, seneta wa chipani cha Republican, analankhula kwa maola 21 mu Seneti mu 2013 potsutsa lamulo la Obama lija, dzina lake linamveka dziko lonse, ndipo mu 2016 anapambana m'chigawo cha Iowa, komwe a Republican amayambira kusankha wodzaimira chipani pa mpando wa pulezidenti. Kevin McCarthy wa chipani cha Republican, yemwe anali sipikala wa aphungu, anachita zosiyana: mu 2023 anadutsitsa bilu yoti boma lisatsekedwe mothandizidwa ndi mavoti a Democrat, ndipo patangopita masiku ochepa aphungu 8 a chipani chake anavotera limodzi ndi otsutsa kuti achotsedwe pa usipikala. Aphungu enawo anaona zomwe zimamuchitikira munthu akagwirizana ndi chipani china.

Za malamulo oyendetsera mabizinesi ndi kuteteza chilengedwe tinangodutsamo mwachidule. A Republican amati malamulowa amapha ntchito, pomwe a Democrat amati amateteza ogula ndi ogwira ntchito. Chachikulu n'chakuti mu 2024 khoti lalikulu linathetsa chigamulo cha mu 1984 pa mlandu wa Chevron, chomwe chinkapatsa nthambi za boma mpata womasulira zokha lamulo losamveka bwino.

Chomwe chikutikhudza kwambiri ndi thandizo lopita kwathu. Ndondomeko ya boma la America yolimbana ndi Edzi yotchedwa PEPFAR, yomwe George W. Bush anaiyambitsa mu 2003 ndipo yathandiza kwambiri kuti ma ARV azipezeka m'zipatala za ku Malawi, inkagwirizanitsa zipani zonse ziwiri mpaka mu 2023 pomwe inakodwa mu mkangano wa kuchotsa mimba. Mu 2025 bungwe la USAID, lomwe linkapereka thandizo la boma la America ku mayiko ena, linatsekedwa, komabe mu Julayi chaka chomwecho maseneta anakana kuchotsa madola 400 miliyoni pa PEPFAR, ndipo ena mwa okanawo anali a Republican.

Pachifukwa chimenechi ndikupempha kuti komiti ilembere makalata aphungu a zipani zonse ziwiri a m'madera omwe timakhala, osati a chipani chimodzi chokha monga ena amafunira, ndiponso kuti mamembala omwe ali ndi unzika wa dziko lino alembetse msanga kuti adzavote pa zisankho za chipulula, poti malamulo olembetsera amasiyana m'chigawo chilichonse.