Njuchi ya pa Maluwa Ako

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Zaka 8! Ndawerenga ndi zala kawiri konse kuti ndisalakwitse. Tsiku lako lobadwa lafika ine ndili kutali, ndiye ndati ndikulembere. Uli bwanji? Dzino lija limagwedera linazuka? Chifuwa chija chinatha?

Amayi ako akuti masiku ano sugona msanga. Akuti umabisa buku m'bulangete n'kumawerenga mpaka maso psuu, ndipo m'bukumo muli chinjoka cholankhula ndi kamnyamata kakuba. Ndinaseka atandiuza. Koma usiku tulo tinandithawa pang'ono, ukudziwa mmene agogo akofe tilili.

Dzulo kunagwa mvula. Itakata ndinakhala pakhonde, ndipo pa maluwa aja tinabzala limodzi panabwera njuchi imodzi yokha. Inatera pa duwa loyamba, kulowetsa mutu, n'kutulukamo msanga ngati yakalipiridwa. Duwa lofiira lija, lalikulu, limene iwe umati ndi mfumu ya onse, inangolizungulira kawiri, ng'ing'ing'i, osateraponso. Kenako inapeza kaduwa kakang'ono kobisala kunsi kwa masamba, kadontho ka mvula kakadali lende pamenepo. Apo ndiye inakhalitsa! Pochoka, timiyendo take takumbuyo tinali titadzaza mungu wachikasu, kuuluka kwake movutikira ngati munthu wosenza katundu. Ndinapita kukayang'ana kaduwako. Kanali bwinobwino. Njuchi inangotenga chimene inadzera, zina zonse n'kuzisiya.

Ukudziwa amene ndinamukumbukira? Bishopu wina wakalekale, Basil wa ku Caesarea, amene anamwalira m'chaka cha 379. Iyeyu analembera achinyamata za mabuku a Agiriki, olembedwa ndi anthu osadziwa Yesu. Sanawaletse kuwerenga ayi. Anawauza kuti azichita ngati njuchi, imene sitera pa duwa lililonse, ndipo pamene yatera sinyamula duwa lonse.

Choncho sindikulanda buku lako, usaope. Paulo yemwe, polalikira ku Athens, anatchula mawu a alakatuli a kumeneko, onena kuti ife ndife mbadwa za Mulungu. Ukapeze pa Machitidwe 17:28, amayi ako akuthandize. Akanawadziwa bwanji mawuwo akanakhala kuti ankatseka makutu ku zolemba za anthu ena? Nanga Danieli wa mikango uja? Anaphunzitsidwa mabuku a Ababulo zaka 3, nzeru zake n'kuposa akatswiri a mfumu. Koma atakula, lamulo litaletsa kupemphera, iye ankagwadabe katatu pa tsiku, mazenera ali otsegula.

Tsono kamnyamata kakuba kaja, tandiuza. Kakaba, iwe umamva bwanji mumtima? Wolemba bukuyo akufuna uzikaombera m'manja, kapena akufuna ukamvere chisoni? Amene waberedwayo akuoneka m'nkhanimo, kapena waiwalika? Buku silikhala loipa chifukwa choti muli munthu woipa. M'Baibulo momwe muli Kaini, muli Yudasi. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi buku loveka choipa malaya okongola mpaka iwe n'kuyamba kuchisirira.

Ndikuulule kanthu, usauze anthu. Ndili wamng'ono ndinawerenga kabuku koseketsa kwambiri, konyoza munthu wachibwibwi. Ndinaseka mpaka misozi. M'mawa mwake ndinapezeka ndikuyeserera mnzanga wachibwibwi m'kalasi, iye n'kulira. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi. Kabukuko sikanandiuze kuti ndichite zimenezo, kanangondizoloweza pang'onopang'ono.

Ukapeza tsamba lokuopsa kapena lokusokoneza mutu, tseka, pita nalo kwa amayi ako kapena bambo ako, muwerengere limodzi masana. Kusiya buku pakati si tchimo. Ndipo Baibulo lako la zithunzi lija lisachite fumbi chifukwa cha chinjoka, wamva? Koma zowerengera m'bulangetezo ndiye ayi, maso awiri okhawo uli nawo.

Chinjokacho chili ndi dzina? Chimalavula moto? N'chabwino mtima kapena n'chachinyengo? Undilembere zonse ndi dzanja lako, ngakhale zilembo zikhote, ndiwerenga ndithu. Undijambulirenso chithunzi chake.

Njuchi ija lero sinabwere, kaya ndi mphepoyi. Mawa ndikakhalanso pakhonde kuidikira. Ndakusowa kwambiri, mwana iwe.

Ndine agogo ako okukonda.