Lipoti la msonkhano wa alimi a maluwa: zomwe ndatolako pa statice ndi kaumitsidwe kake

A Tcheya, amayi ndi abambo nonse a m'gulu, ndabwerako bwino ku msonkhano wa masiku 2 uja munandituma, ndiye ndati ndilembe msangamsanga zinthu zisanayambe kuthawa m'mutumu. Munandipatsa mafunso atatu: n'chifukwa chiyani mbande zathu za statice zinafota chaka chatha, n'chifukwa chiyani zomwe zinapulumuka zinangochita masamba osatulutsa maluwa okwanira, komanso n'chifukwa chiyani maluwa omwe tinaumitsa aja anatuwa n'kumayoyoka. Onsewa ndawapezera mayankho, ndipo kunena zoona ambiri mwa mavuto athu anayambira kudimba, osati pa chingwe choumitsira ngati mmene timaganizira.

Ndiyambe ndi dzina chifukwa ena munkafunsa. Duwali ena amati sea lavender ena statice, koma si lavender wonunkhira uja ayi, sali pachibale n'komwe. Dzina lake lenileni ndi Limonium, la m'banja la Plumbaginaceae, ndipo mitundu yambiri kwawo ndi m'mbali mwa nyanja zamchere ndi malo ouma amiyala. Mphunzitsi wathu anatipatsa tsamba kuti tione timadontho toyera pamwamba pake, akuti ndi mchere womwe chomeracho chimatulutsa chokha kudzera m'masamba, n'chifukwa chake chimakhala pomwe zomera zina zimapserera. Womwe tinadzala ife ndi Limonium sinuatum, wochokera kumadera ozungulira nyanja ya Mediterranean, uja wa mapesi okhala ndi tizipsepse m'mbali, amene alimi ambiri amamudzala chaka ndi chaka. Palinso Limonium latifolium, amene amakhala zaka zambiri pamalo amodzi n'kumatulutsa timaluwa ting'onoting'ono tambirimbiri tooneka ngati utsi wa buluu, ndi Limonium perezii wochokera ku zilumba za Canary, wa masamba akuluakulu.

Tsopano funso loyamba lija. Anzanga, mbande zija tinazipha ndi madzi. Ndinafotokoza mmene tinkachitira, kuthirira m'mawa ndi madzulo, manyowa ambiri, kuphimbira mpaka pakhosi pa chomera, ndipo ndisanamalize n'komwe mayi wina amene walima duwali zaka zambiri anangogwedeza mutu nkuti mwaziwoletsa nokha. Chomerachi chimayamba ndi masamba oyala pansi mozungulira, ndipo pakati pamenepo, pomwe masamba amakumana ndi muzu, pakakhala chinyezi masiku angapo pamawola basi, chomera chimafota ngati chasowa madzi ndiye iwe n'kumawonjezeranso ena. Chimafuna dzuwa la tsiku lonse ndi dothi lamchenga losasunga madzi, bedi likhale lokwera, kuthirira kukhale pansi osati pamwamba pa masamba, ndipo mizu ikagwira muzidikira dothi liume kaye musanathirirenso. Feteleza wa nayitrojeni akachuluka mumakolola masamba ndi mapesi ofooka ogwa okha. Mpata ukhale pafupifupi masentimita 30 pakati pa chomera ndi chinzake kuti mphepo izidutsa, apo ayi kumabwera chuku chotuwa chija amati Botrytis, chomwe chimakonda malo othinana achinyezi.

Chinanso chomwe sitinkachidziwa n'choti muzu wake ndi umodzi wautali wolunjika pansi ndipo sufuna kusokonezedwa. Ife tinafesa pa nazale n'kumazula mbande zitakula kale, mizu kudukaduka. Akuti fesani m'mathireyi a timabowo kapena m'timachubu, mbewu muikwirire pang'ono chabe, imamera pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri pakakhala kafundidwe ka madigiri 18 mpaka 21, ndipo muwokere zikadali zazing'ono ndi dothi lake lomwe, osakwirira pakhosi paja.

Funso lachiwiri yankho lake ndi lalifupi. Limonium sinuatum amafuna kuti mbande zikadali zazing'ono zidutse masabata angapo m'nyengo yozizirira bwino, kuzizirako ndi komwe kumadzutsa maluwa. Ukafesa kukutentha kale chomera chimangokhala phee ndi masamba ake, maluwa n'kubwera mochedwa kapena ochepa. Ndiye tiyenera kusintha nthawi yofesa kuti ubwana wa mbande ugwere m'miyezi yozizira.

Pa funso lachitatu ndi pomwe tinakhalitsa, tsiku lachiwiri lonse linathera pamenepa ndipo ine ndi pomwe ndinatsegukira maso. Anatiuza kuti aliyense atenge phesi limodzi aliyang'anitsitse. Chija timati duwa, cha pepo kapena pinki kapena chachikasu chija, si duwa lenileni, ndi kachikho kouma ngati pepala kamene kamasunga duwa. Duwa lenilenilo ndi kanthu kakang'ono koyera kotulukira pakati, kamene kamafota n'kugwa pakapita masiku ochepa, koma kachikho kaja kamatsala ndi mtundu wake. Ichi ndiye chinsinsi chonse cha statice, amakhala ngati wouma kale akadali m'munda. Tsono vuto lili apa, ukadula msanga timachikho tisanatseguke sititsegukanso, nsonga zimawerama n'kuuma zili zokhota, ukachedwa dzuwa limakhala litadya kale mtundu ndipo m'munsimu mwayamba kuda. Nthawi yabwino ndi pomwe timachikho tambiri pa phesi, tinene magawo 3 mwa 4, tatseguka ndipo mtundu ukuoneka bwinobwino. Ife tinkadikira mpaka bedi lonse lipse kuti tidule tsiku limodzi, pamene zimafunika kumadutsamo pafupipafupi n'kumadula okhawo afika, ndipo kudulako kumachititsa kuti chomera chitulutse mapesi ena.

Dulani mame atauma, osati kukuchita chinyezi kapena mvula itangogwa, ndipo mudulire pansi kuti phesi likhale lalitali. Chotsani masamba, mangani timitolo ting'onoting'ono ta mapesi ngati 10, ndipo mangani ndi labala osati chingwe, chifukwa mapesi akamauma amachepa ndiye chingwe chimakhwepa mtolo n'kupulumuka, pamene labala amatsatira. Pachikani chadodolido m'chipinda chamdima, chouma, chodutsa mphepo, mitolo isagundane. Pakatha masabata 2, nthawi zina 3 ngati kuli chinyezi, amakhala auma, muyese pothyola phesi, likathyoka kuti thyo ndiye kuti zatheka. Athu aja tinawapachika pakhonde pomwe dzuwa limafika masana onse, ndiye musadabwe kuti anatuwa. A buluu ndi a pepo ndi omwe amasunga mtundu kwambiri, ndinaona ndi maso anga nkhata yomwe akuti yakhala kupitirira chaka koma mtundu uli nganganga.

Panabuka kamtsutso pa nkhani ya gilisalini. Ena amaimika mapesi m'madzi ofunda osakaniza, gawo 1 la gilisalini ku magawo 2 a madzi, kuti maluwa akauma akhale ofewa osathyokathyoka, makamaka latifolium amene timaluwa take timayoyoka msanga. Ena amati n'kutaya nthawi komanso kukakhala chinyezi mapesi amachita thukuta n'kuyamba chuku. Ine maganizo anga, kwa sinuatum tisavutike nazo, mphepo yokha ikukwana, gilisaliniyo tidzayese pa timitolo tiwiri tokha tikadzakhala ndi mtundu winawo. Ndikuchenjezeninso kuti mitundu ya timaluwa ting'onoting'onoyi ina ili ndi kafungo kosasangalatsa ikakhala yaiwisi, choncho poumitsa pasakhale pogona anthu.

Pa kakonzedwe, aliyense anapanga nkhata yake ndi vazi imodzi. Chomwe ndinagwira n'choti statice ntchito yake yaikulu ndi kudzaza mipata ndi kupereka mtundu, payekha amaoneka wouma gwa, koma ukamuphatikiza ndi maluwa ena oumitsa monga Helichrysum ndi Gomphrena, ngala za udzu ndi masamba a bulugamu zimakhala zina. Mu vazi mumayamba ndi zazitali kuti mupeze msinkhu, kenako maluwa akuluakulu, statice n'kumalowa m'mipata, ndipo simuthira madzi, ngati vaziyo ndi yopepuka muikemo mchenga wouma kapena timiyala kuti isagwe. Pa nkhata anatiphunzitsa kanzeru kena kabwino kwambiri, kumanga maluwa atangofota pang'ono asanaumiretu, chifukwa nthawi imeneyo amapindika osathyoka, ndiye nkhatayo imakamalizira kuuma ili yomangidwa kale, kungoti waya umafunika kukokanso pakapita masiku poti mapesi amachepa. Mumadula timitolo tatifupi, kuyala kamodzi pamwamba pa kanzake mozungulira mbali imodzi kuti mitu iziphimba mapesi, n'kumakulunga ndi waya wopyapyala osamudula mpaka mutazungulira. Zomalizidwa zisungidwe m'makatoni ndi mapepala ofewa, osati m'majumbo apulasitiki omwe amasunga chinyezi, ndipo fumbi muzichotsa ndi kabulashi kofewa.

Mfundo ina yomwe inandikhudza ndi ya kusamala chilengedwe. Anatiuza za Limonium ramosissimum amene anathawa m'minda ya maluwa n'kufalikira m'madambo amchere a ku San Francisco Bay ku California, m'dziko la America, komwe akulimbana ndi zomera zakomweko. Choncho zotsalira zokhala ndi mbewu tisamatayire m'mbali mwa madzi, komanso tisakathyole a m'tchire pomwe amera okha.

Pempho langa kwa a Tcheya n'loti pa mkumano ukubwerawu tikambirane zinthu ziwiri. Choyamba tipatule mabedi 2 okha oyesera, okwera, osakaniza mchenga, tifese nthawi ziwiri zosiyana motalikirana masabata 3 ndipo mlembi azilemba tsiku lofesa, lowokera ndi lodula koyamba kuti chaka chamawa tisadzayendere zongoganiza. Chachiwiri tikufunika chipinda chamdima chodutsa mphepo choti timangemo mawaya oumitsira, amene ali nacho chongokhala anene m'gulu muno tisanafese. Nkhata yomwe ndinapanga ndidzabwera nayo limodzi ndi mapesi atatu, lodula msanga, lodula pa nthawi yake ndi lochedwa, kuti aliyense adzagwire yekha n'kuona kusiyana kwake.